Bondo la Apongozi pa Giya

Inu, tamverani za Gervásio, mkamwini wamkulu wa mayi Constância a ku Mongue. Mkuluyu ali ndi galimoto yofiira yampikisano, yakale kuposa ukwati wake, ya mipando iwiri basi, mimba yake yokhudza pansi ngati bakha. Mkamwini mnzake Celso anagula yatsopano koma wamba, ya zitseko zinayi, ndipo Gervásio sankaipatsa mpata wopuma.

"Kunyado, mlamu wanga, yanuyi ndi ngolo yonyamulira chinangwa," ankatero. "Yanga ikalira pa Milange, a ku Muloza amatseka makutu."

Tsiku la ubatizo wa mwana wawo, Dulce, mkazi wa Gervásio, ananeneratu kuti amayi ake akapanda kuuona ubatizowo, m'nyumba simudzakhala kuyankhulana. Celso anadzipereka kukawatenga. Gervásio anakana, ati mwana ndi wake ndipo liwiro lili kwa iye.

Popita anaulukadi. Zinavuta apongozi ataona mpando. Kwathu kuno mkamwini akakumana ndi apongozi panjira amapatukira kutchire, ndiye lero akhale phewa ndi phewa?

"Kumbuyo kulibe?" anafunsa mayiwo, maso ali pa mtengo wa mango.

"Kulibe, amayi," anayankha Gervásio, maso ali pa tayala.

Anamangirira chitenje pakati kuti asaonane. Gervásio anaika giya yoyamba, mayiwo n'kulowa. Anamira mumpandomo, maondo m'mwamba, bondo lamanja litatsamira pa giya penipeni.

Atayenda pang'ono injini inayamba kupempha giya yachiwiri. Gervásio anatambasula dzanja, n'kulibweza. Anayesa kutsokomola, bondo silinamve. Kunena kuti sunthani mwendo, pakamwa panakana. Mwendo wa apongozi ndani amautchula? Munthuyo ndinamumvera chisoni, inu.

Ndiye galimoto yomwe amati imapikisana ndi mphepo inakwawa pa giya yoyamba, ikulira mudzi wonse kumva. Bambo wina wokoka mbuzi anawapitirira, n'kuwapatsa moni. Pa mtunda wina injini inatentha, utsi tolotolo, n'kuzima.

Mpamene Celso anatulukira, atatumidwa ndi Dulce. Koma mayiwo kudzuka mumpando muja kunakanika, ndipo akamwini awiri anangoima manja kumbuyo, palibe wowagwira dzanja. Anachita kuitana amayi awiri olima nyemba kuti adzawazule.

M'ngolo ya chinangwa ija mayi Constância anakhala kumbuyo, n'kutambasula miyendo. Gervásio anakhala kutsogolo.

Anafika kutchalitchi anthu akutuluka, mwana atabatizidwa kale. Dulce anamuyang'ana mwamuna wake kamodzi kokha, ndipo Gervásio anadziwa kuti sabata imeneyo aziyankhula ndi khoma. Mayiwo anafukata mdzukulu wawo, n'kuuza Dulce mokweza ndithu kuti mwini nkhani amve.

"Amuna ako ndi aulemu, mwanawe, usawakalipire. Koma tsiku lina ndikadzakhala pa changu, adzangonditumizira njinga."