Kaseti ya nkhalamba za magitala

Anzanga, ine cholinga changa chinali chabwinobwino, kungofuna kukaonetsa kuukwati kuti ndine munthu wotsogola. Zinali zaka zija anzathu a ku Mozambique anadzaza m'midzi ya kumalire, kupitirira Namwera, pothawa nkhondo. Ine ndinali mphunzitsi wachinyamata kumeneko, mwana wa msodzi wa ku Nkhudzi, wodziwa mafunde koma kulira kwa mfuti osakumvapo chibadwire. Maso anga anagwera Rozina, mtsikana amene anabwera ndi amalume ake, a Zuze, atayenda masiku ambiri m'tchire. A Zuzewo anatumiza mawu kuti akufuna andione kaye nkhani isanafike kwa ankhoswe, ndipo akapanda kukhutira, basi zathera pomwepo.

Ndiye ndi nzeru zanga zauphunzitsi ndinanyamula wailesi ya kaseti. Kasetiyo anandipatsa mzungu wina wogawa ufa kwa othawa nkhondo. Anati oimbawo ndi nkhalamba za imvi, anayamba magitala iye ali mwana, ndipo kaseti yawo yatsopanoyi si nyimbo zosiyanasiyana ayi, ndi nkhani imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kodi ndinafunsa kuti nkhani yanji? Ayi ndithu. Nanga kuimverako kunyumba? Ndinkasunga mabatire.

Ndinafika masana dzuwa likuswa mtengo. Sipika ndinaivundikira pakamwa pa mtsuko, monga tinkachitira kuti mawu azigunda, n'kuika zonse kuseri kwa nkhokwe kuti nyimbo zizibwera chapatali mwaulemu. Kudina, zii. Kukweza, kumangomveka kamphepo. Ndinakweza mpaka pothera, osamvabe kanthu, ndiye ndinati basi mzungu uja anandipatsa chakufa, n'kuisiya ikuzungulira choncho kukakhala pamphasa.

A Zuze anali atangondifunsa za makolo anga, Rozina akubwera ndi madzi chogwada, pamene ndinamva phaphaphapha, ndege ija yokhala ndi chopukusa pamwamba ikubwera chapansipansi kuchokera kuseri kwa nyumba. Kenaka majombo a asilikali, kenaka mfuti, kenaka chiphokoso choti nthaka inanjenjemera. Abale, magazi anauma. Amayi ndi ana onse anadzigwetsa pansi nthawi imodzi, chafufumimba, opanda wolira, anthu oti anazolowera. Ine mkamwini wotsogola uja ndinadzambatuka, n'kumudumpha Rozina ali chigonere, nsapato kuzisiya pamphasa pomwepo, liwiro la mtondo wadooka.

Za kaseti sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinaboola munda wa chimanga, kuwoloka kamtsinje, kulowa m'udzu wautali. Nditatopa ndinaima, kuyang'ana uku nyumba zopserera, uku minda yagonera, kumbuyo chipilala cha malire ndachipitirira kalekale. Ndinali ku Mozambique!

Apo ndiye mantha enieni anayamba, chifukwa ndinakumbuka zimene ana asukulu ankasimba za mabomba okwirira, oti ukangoponda mwendo umatsala pomwepo. Mwendo wanga wina unali m'malere nthawi imeneyo, ndipo unakhala momwemo. Ndiutsitsire pati? Linthumbu linandipeza n'kuyamba kukwera, ine osagwedezeka, thukuta kamukamu, kulapa machimo onse mpaka a kusitandade wani. Ndili chiimire choncho, mphepo inabweretsa kulira kwa gitala chapatali, ndi mawu a nkhalamba ikuimba Chingerezi modandaula. Ndinazindikira kuti nkhondo yonse ija yatuluka mumtsuko wanga. Manyazi anandigwira, koma mantha anaposa, mwendo sunatsike.

Patapita nthawi udzu unagwedera, ndipo ndinatseka maso kuti ndisaone wondiombera. Anali a Zuze, akubwera pang'onopang'ono, kuponda momwe ndinaponda ine, nsapato zanga zili m'manja.

“Aphunzitsi, tsitsani mwendowo. Muziponda pomwe ndachotsa phazi, pena ayi.”

Ndinabwerera ku Malawi nditagwira malaya awo kumbuyo ngati mwana pamsika. M'njira anandiuza kuti iwo anadziwa msanga kuti si nkhondo, poti nkhuku zinkangotola gaga osatekeseka, fumbi osauluka. Koma anati amayi ena akunjenjemerabe, ndipo zimenezo si zoseka. Titafika ndinagwada pabwalo kupepesa aliyense payekhapayekha, Rozina osandiyang'ana n'komwe, ine mumtima ndikuti ukwati wapita ndi mfuti za azungu.

A Zuze anakhala pampando, anafwenthera fodya wawo, n'kunena kuti:

“Ife tinathawa nkhondo kubwera kuno, tonse, ndi agalu omwe. Inu nokha ndi amene mwathawa mtendere kuthamangira kunkhondo. Munthu wotere akakhala wopanda mkazi safika chaka chamawa. Rozina, ukwatiwe ndi bambowa, uziwalozera njira.”

Umu ndi momwe ndinapezera mayi akunyumba, anzanga, osati mwa chikondi chokha komanso mwa chisoni. Nkhani ya nkhalamba zija mpaka lero sindidziwa kuti inatha bwanji, ndipo sindifuna kudziwa. Ndinalumbira kuti nyimbo iliyonse yoyamba ndi zii ndiziithimitsa pomwepo, ndipo ndikafuna kuthawa chilichonse, ngakhale galu, ndimayamba ndafunsa Rozina kuti Malawi ali mbali iti.