Perete wa Vasili

Lolemba
Uthenga pa foni, kuchokera kwa Vasili! Vasili wa ku Moldova, amene tinkalondera naye geti limodzi ku Ivory Coast pa ntchito yosungitsa bata. Dziko lawo lili ngati lathu lomweli: laling'ono, lopanda doko, linatuluka m'chipani chimodzi nyengo imodzi ndi ife. Ankati asilikali awo onse akhoza kukwana m'bwalo la mpira, malo n'kutsalako.
Akufunsa kuti ndikukhala ndi yani. Chala chathamanga. Ndalemba kuti ndine wapampando wa asilikali opuma kuno ku Chitipa. Wakondwa. Ati Lamulungu masana aimba foni ya kanema, aone anyamata anga ali pa perete.
Anyamata ake ati? Chimwalirireni akazi anga, mayi a Chisomo, woyankhula m'nyumba muno ndi wailesi yokha.
Zofunika:
asilikali opuma, ngakhale asanu
polishi wa jombo
nkhope yolimba

Lachiwiri
Tsiku lonse pa Boma, kufunsafunsa. Ine Mchewa wofunsa za asilikali kumsika, anthu akungoti "yewo" n'kuyang'ana kumbali.
Ndapeza atatu:
Kopolo Simwaka, bondo lotupa.
A Kayange, khutu limodzi linatsalira ku mizinga.
A Msukwa, okonza njinga. Awa sanakhalepo msilikali. Anali m'gulu lija la chipani tinalilanda mfuti nthawi ya matipate. Kale ndinkawathamangitsa, lero ndikuwachonderera agube kumbuyo kwanga. Dziko ili!

Lachitatu
Kuyeserera pa bwalo la sukulu, ana ataweruka. Mphepo ya kuno ikuuluza lamulo lisanafike kwa munthu. Ndikati kumanja, a Kayange kumanzere. Ndikati imani, a Kayange ulendo, mpaka m'chinangwa cha aphunzitsi. Simwaka akuguba atakhala pa chulu chakale, mikono yokha.
Wodziwa kuguba ndi mmodzi: a Msukwa. Msana njo, phazi likugwa pamalo pake. Zikundiwawa kulemba.

Lachinayi
Yunifolomu yatuluka m'sutikesi. Mabatani atatu akukana. Chachepa ndi nsalu, osati kuti ine ndakula.
Ku bwalo kwavuta. Ndalakwa kuyamikira a Msukwa pagulu. Simwaka wadzuka, bondo lachira pompo. "Sajeni, ine kuguba na munthu uyu yayi. Anthu awa anamenya adada chifukwa cha khadi la chipani." A Msukwa angowerama, akupukuta manja pa buluku.
Simwaka wakwera kabaza osatsazika. Ndamuleka apite. Sakunama.
Tatsala atatu.

Lachisanu
A Kayange kulibe. Akazi awo akuti kwagwa maliro ku Wenya, anyamuka m'mawa, kubwera mwina sabata yamawa. Ndawapepesa. Pobwerera ndadzipeza ndikukwiyira munthu wakufa posankha sabata yolakwika. Mulungu andikhululukire.
Awiri angatchedwe perete? Mmodzi wolamula, wina womvera. Ndikaigwira bwino foni, mwina azioneka ngati woyamba pa mzere wautali.

Loweruka
"Odi!" pakhomo. Ndadzidzimuka mpaka kutaya tiyi. A Msukwa. Ati mawa sangathe, ndiwo akulalikira ku tchalitchi kwawo, ndipo zikatha akayendera odwala.
Ndiye bwenzi akupita. Sanapite. Akhala pa mpando wa mayi a Chisomo, amwa makapu awiri, andikonzera loko wa chitseko amene wandivuta chaka chonse. Za kale sitinakhudzeko. Potuluka akuti, "Mukabwere ku shedi, a Sajeni, ngakhale njinga mulibe."
Ndatsuka makapu awiri. Ndinaiwala kuti amalira akagundana.

Lamulungu
Bwalo la sukulu, ine ndekha, jombo zikuwala, mimba ndaikokera m'kati. Foni yalira.
Wakalamba Vasili! Tsitsi lonse mbuu. Ndamuuza zoona, kuti perete yense ndi amene akumuonayu. Kaya wamva kaya. Chingerezi chathu chija chachita dzimbiri mbali zonse. Wandionetsa galu wake ndi zenera lake. Ndamuonetsa mbuzi za eni. Kenako tangoyang'anana, nkhalamba ziwiri, aliyense akugwedeza mutu.
Waimirira, wachita sawatcha. Ndabwezera ndi dzanja lomwe linagwira foni.
Foni pamwala. Galasi phwa!
Ndabwerera kunyumba ndikuguba, poti jombo zimenezi sizidziwa kayendedwe kena. Pamsewu ponse palibe wacheuka.