Sitima Yosanena Zimene Yanyamula

Inu, tamverani za Peniasi wa pachilumba chathu ku Fiji kuno, wapampando wa komiti yokana mabomba a nyukiliya. Mpandowo sanaupeze ndi nzeru zake ayi, anaupezera ukwati. Mwini nkhani anali mkazi wake Salanieta, poti bambo ake a mayiyu anatengedwa ali msilikali kukaonerera azungu akuyesa mabomba awo panyanja, ndipo anabwerako ndi matenda amene anawapha. Peniasi ankadziwa bwino kuti tsiku limene adzafooke pa nkhaniyi, banja lidzathera pomwepo.

Ndiye kunamveka kuti sitima yankhondo ya dziko lina lalikulu ikubwera kudzatunga madzi. Peniasi analumbira pamaso pa amayi onse a mpingo kuti sitimayo sikocheza pokhapokha mkulu wake atanena poyera ngati muli bomba kapena mulibe. Anamanga m'chiuno nsalu yake yopitira kutchalitchi, nakwera kabwato kake ka injini kukaitchingira njira.

Koma Peniasi ndi kuumira! Petulo anathira wongonyowetsa thanki, ati chilungamo sichidya mafuta ambiri. Injini inazima pakati pa madzi, chikwangwani chake cholembedwa kuti "Bwererani" chinauluka ndi mphepo, iye pofuna kuchiwakha anagwera m'nyanja, nsalu ija n'kuyamba ulendo wakewake. Anamuvuula ndi asilikali omwewo amene anapita kukawapirikitsa, mpaka anamubwereka kabudula.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mkulu wa sitimayo anali atafunsiratu mwambo wathu. Anakhala pansi mwaulemu natulutsa mtolo wa mizu ya kava, chakumwa chathu chija, umene mlendo amaperekera odi. Paja kuno ukangowomba m'manja n'kulandira mtolowo, mlendoyo wasanduka wako, sungamubwezenso. Tsono chidutsireni namondwe kava anali atasowa pachilumba ponse, kukhosi kwa Peniasi kutauma gwa. Mpaka lero amalumbira kuti manja anawomba okha.

Asilikali anasinja, anasefa, chikho chinayenda. Lilime litachita kale dzanzi m'pamene wapampando wathu anakumbukira chimene anabwerera, nafunsa ngati bombalo lilimo.

"Achimwene, kwathu lamulo n'limodzi," anatero mkuluyo akumwetulira. "Sitivomera, sitikana."

Peniasi anaona kuti limeneli ndi yankho la anthu ophunzira, nalisunga pamtima. Sitima inakocheza iye ataima kutsogolo ngati mkwati, amayi a mpingo ali padoko kukamwa kuli yasa. Ine ndinalipo, ndipo ndinamuchitira manyazi.

Kunyumba anapeza Salanieta ataima pakhomo. Mayiyo anayang'ana kabudula wachilendo uja, anayang'ana maso olefukawo, kenaka anafunsa modekha.

"Bambo a Litia, mwamwa kava wawo?"

"Mayi, izi ndi nkhani za chitetezo," anayankha Peniasi akukweza mapewa. "Sitivomera, sitikana."

Salanieta sanakalipe. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi mkeka ndi pilo, nazitula pa mapazi a mwamuna wake.

"Lamulo munalumbira nokha lija ndi lomweli," anatero. "Sitima yosanena zimene yanyamula sikocheza pano. Bwererani kunyanja."

Sitima yankhondo ija inatunga madzi ake n'kumapita. Peniasi akugonabe m'kabwato kake padoko paja, ndipo mukamufunsa ngati banja lilipobe, savomera, sakana.