Mmene ndinamizira duwa la akazi anga

Mpaka lero pali kondakitala wina pa Golomoti amene akandiona amayamba kudzikanda m'nthiti uku akuseka. Nkhani yake ndiinene ndekha, ena asanaithire mchere.

Akazi anga, amake Tadala, ali ndi duwa limene amalitcha okidi. Anapatsidwa ndi mnzawo wa m'kwaya ku Mua. Ndi duwa lomera pamiyala ya m'mapiri, ndipo iwo analiika mumphika wobowoka pansi, wodzaza timiyala, makala ndi zidutswa za njerwa. Dothi munalibemo. Analisamala zaka zitatu osaona kanthu, ndiye chaka chatha linatulutsa kamphukira ka maluwa. Anati likamasula lidzakhala patebulo tsiku la ubatizo wa mdzukulu wathu woyamba.

Mwana wathu Tadala atabereka ku Lilongwe, mayi ake ananyamuka kukamusamalira.

“Bambo a Tadala, duwali musalikhudze,” anatero atasenza kale chikwama. “Madzi kapu imodzi Lachitatu m'mawa, basi. Pamthunzi wa mangowo lisachokepo.”

“Mukuuza ine? Munthu woti ndakalambira mumpunga ku Bwanje?”

(Pakamwa pangapa ndi pamene panandipereka.)

Tsiku lachitatu chifundo chinandigwira. Mizu yake inali pamtunda, yotuwa, ikulendewera ngati zala za nkhuku. Ndinati chomera chanji chogona pamakala ngati chimanga chootcha? Ndinakatapa dothi lakuda la kumunda, ndinasakaniza ndi manyowa a mbuzi, n'kukwirira mizu yonse mundowa yosabowoka. Madzi m'mawa, madzi madzulo, monga timachitira ndi mpunga. Ndinalisunthiranso padzuwa kuti lilimbe thupi.

Masamba atayamba chikasu, ndinati njala imeneyi. Ndinathira feteleza wodzaza dzanja. (Inde, dzanja langali, lalikululi.)

Amake Tadala anaimba foni. “Duwa langa lili bwanji?”

“Likudya bwino,” ndinayankha.

“Likudya?”

“Netiweki ikuvuta kuno,” ndinatero, n'kudula.

Sabata yachiwiri isanathe, ndowa inayamba kununkha ngati chinangwa chovikidwa. Nditagwira tsamba, linangonditsatira. Kamphukira kaja kanali katagona chafufumimba m'matope.

Amake Tadala anati abwera Lamulungu. Lachisanu ndinatenga njinga n'kuyamba kukwera msewu wa Khwekhwerere, kuti ndikazule lina pamiyala ya kumeneko, ndibwezere mumphika muja ngati palibe chachitika. Njingayo ndinkachita kukankha, thukuta lili kamukamu. Pakhona ina ndinaona thanthwe pamwamba pa msewu, pamng'alu pake pali kachomera ka masamba okhuthala. Ndinati ndi komweko. Ndinakwawa m'ziyangoyango, ndinakazula, n'kutsetsereka chokhala.

Ziyangoyango zija zinali chitedze.

Amene chinakugwiranipo mukudziwa. Chinayambira m'khosi, chinatsikira kumsana, kenako chinafika kumalo oti munthu wamkulu sakanda pagulu. Ndinavula malaya. Sizinathandize. Ndinavula thalauzi, n'kuyamba kugubuduzika m'fumbi la m'mbali mwa msewu nditatsala ndi kabudula wam'kati yekha, kachomera kaja ndili nako m'manja osakataya.

Chifukwa cha phokoso langalo sindinamve minibasi ikutsika. Dalaivala anaima poganiza kuti njuchi zandigwira. Anthu anasuzumira m'mawindo. Kondakitala anafuula kuti, “Madala, zatani?” Ndisanayankhe, ndinamva mawu amene ndawadziwa zaka makumi atatu.

“Bambo a Tadala?”

Anali atafulumira ndi masiku awiri, poti apongozi ake a Tadala anali atafika kudzawalandira ntchito.

Amake Tadala anatsika osathamanga, anamasula chitenje chapamwamba n'kundiponyera. “Fundani, mukuchititsa manyazi mtundu.” Kenako maso awo anagwa pa dzanja langa. “Nanga icho?”

“Ndimati ndikupezereni lina, kuti lanu lija lisamasungulumwe.”

“Kameneko ndi kakhonje.” Anatembenukira kwa ine. “Duwa langa mwalitani?”

Minibasi yonse inatchera khutu. Mayi wina kumbuyo anati, “Anenetu zoona bambowa, Mulungu wawalanga kale.”

Njinga anaimangirira kumbuyo. Ine ndinakhala pampando wa anthu anayi ndekhandekha, nditafunda chitenje cha maluwa ofiira, chifukwa palibe anafuna kundikhudza. Ndinaulula zonse tisanafike pa Golomoti, ndipo pa feteleza paja ngakhale dalaivala anagwira kumutu.

Kunyumba amake Tadala sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anakhuthula ndowa ija, anatsuka chotsalacho, anadula mizu yowola ndi lezala. Pansi penipeni anapeza kamphukira kamodzi kobiriwira, kochepa ngati chala cha khanda. Anakamangirira pamwala ndi ulusi wa thumba, n'kukabwezera pamthunzi. Atatha zonsezo m'pamene anandipatsa mafuta oti ndidzole.

Pa ubatizo patebulo panali maluwa apulasitiki. Aliyense wofunsa za okidi ankauzidwa kuti, “Funsani alangizi a zaulimi, ali apowo.”

Kamphukirako kanagwira, tsopano kali ndi masamba anayi. Ine ndaphunzira kuti si chomera chilichonse chimafuna mlimi. Koma chikhulupiriro sichiphuka msanga ngati duwa. Mwezi wamawa akupitanso ku Lilongwe. Mbuzi, nkhuku ndi makiyi a nyumba akuti andisiyira. Mwala wokhawo akuti aunyamula pamiyendo.