Ankhoswe Anga Onse Akufuna Ukhansala

Lolemba

Masankho ndi Lachinayi. Atsala masiku atatu, ine ndatopa kale.

Pa ukhansala wa wadi yathu akulimbana anthu awiri, ndipo onse ndi ankhoswe a ukwati wanga. Amalume a Jere, amene anapuma pa uhedi wa sukulu, ndiwo nkhoswe ya kuchimuna. Alamu a Mbewe, mlongo wawo wa amake Tisa, amene amaoda katundu kudzera pa Mwami, pamalire ndi Malawi, ndiwo ya kuchikazi. Zaka makumi awiri, ine ndi amake Tisa tikayambana, awiriwa amakhala pa benchi imodzi n'kutiweruza. Lero sapatsana moni. Akakumana pachigayo, wina amayang'ana kumwamba, wina amayankha foni imene sinalire.

Ndiye m'nyumba muno sabata ino sitiyenera kuyambana. Tikayambana, wotiyanjanitsa palibe.

Ndalemba malamulo n'kuwamata kukhomo la kabati:

1. Moni wa amalume ndi wa alamu uzifanana kutalika.
2. Pa nthawi ya chakudya, dzina la chipani lisamveke.
3. Wina akanyozedwa ine ndilipo, ndizinena chabwino chimodzi cha iye.
4. Chimene walandira wina, mnzake alandirenso.

Amake Tisa awerenga mpaka kumunsi. Akuti, "Nanga lachisanu, loti mutu wa munthu uzigwira ntchito, lili kuti?"

Zithunzi za kampeni ndili nazo ziwiri, wina anabweretsa chake, wina chake. Ndazimata pamtengo wa mango wa pageti, moyandikana. Ndayeza ndi rula ya kuntchito kuti wina asakwere kuposa mnzake. Anthu opita kumsika aima kundionerera. Aonerere. Kalaliki ndi kalaliki, ngakhale wa sitolo ya mbewu ndi feteleza.

Lachiwiri

Mphepo, fumbi, chimfine.

Mbuzi ya aneba yadya alamu kuyambira pachibwano mpaka pataye. Kulakwa ndi kwanga: ndinamata ndi phala la ufa. Amalume sinawakhudze. Mbuzinso ili ndi mbali!

Chithunzi china cha alamu ndilibe. Ndaima pamenepo kuganiza. Lamulo lachinayi likuti chimene walandira wina, mnzake alandirenso. Ndatenga rula ndi lezala. Ndayeza pamene mbuzi inalekezera. Ndikudula taye ya amalume bwinobwino, kumbuyo kwanga belu la njinga, ngrii!

Amalume eniake.

"Pitiriza, mphwanga. Khosi latsala."

Ndafotokoza za mbuzi. Munthu wamkulu kufotokoza za mbuzi, lezala ili m'manja, sizimveka bwino.

Alowa m'nyumba. Amake Tisa agwada, apereka moni wonse, afunsa za azakhali, za mwendo, za nkhumba. Ulemu wonse unalipo. Chimene panalibe ndi mkaka. Tiyi wakuda, mbatata ziwiri za dzulo.

Amalume pa za alamu: "Munthu amene ndinamubweza kawiri mu Giredi sikisi, lero akawerenge mapepala a khonsolo?"

Lamulo lachitatu. Ndati, koma maliro onse a m'dera lino, galimoto imene imanyamula bokosi ndi ya alamu, ndipo sakana.

Andiyang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira ana obwera mochedwa. Asiya mbatata imodzi. Pochoka sanalize belu.

Lachitatu

Tsiku lomaliza la kampeni. Zokuzira mawu mbali ziwiri kuyambira m'mawa. Nyimbo ya chipani china imayambira pamene ya china ikupuma. Agalu aleka kuuwa, aona kuti sangathe.

Masana afika alamu, galimoto itavala zitenje mpaka kumatayala. Ndawapatsa moni wofanana ndi wa dzulo, ndinachita kuwerenga chamumtima. Ndisanamalize, kuseri kwa nyumba tambala walira kulira kwake komaliza.

Tambala! Mpunga! Mafuta osefukira! Mbale za maluwa zimene ine ndimangoziona m'kabati!

Alamu, mwendo wa nkhuku uli m'manja: "Ahedi aja akuyesa wadi ndi kalasi. Akapambana, tizidzapita ku msonkhano titasesa kaye bwalo."

Ndati, koma theka la wadi ino linaphunzira kulemba dzina kwa iwowo, inunso muli momwemo.

Amake Tisa agwetsa supuni. Alamu aseka, koma maso osaseka. "Idyani, mlamu. Mwina pakamwa pakadzaza mupuma."

Dzulo amalume achoka akudziwa kuti ndine wa alamu. Lero alamu achoka akudziwa kuti ndine wa amalume. Kunena zabwino za munthu kwandipezera adani awiri m'masiku awiri. Amene amangotukwana mbali imodzi ali ndi mdani mmodzi yekha, ndipo alandira sikipa.

Dzuwa lisanapendeke, uthenga pafoni, wa amalume: "Ndamva kuti kwanu tambala amasankha alendo."

Nkhani imayenda bwanji kuno? Kuchokera pano kufika kwa amalume ndi mtunda wa ola pa njinga.

Lamulo lachinayi. Amake Tisa ali kumjigo. Ndagwira thadzi lamawanga, ndalimanga miyendo, ndaliika pakaliyala. Amalume alilandira osathokoza, alikweza m'mwamba kumva kulemera kwake. "Tambala ndi thadzi sizifanana, koma ndamva."

Chimene ndinaiwala: nkhuku za pakhomo pano si zanga. Thadzi lija amake Tisa anapatsidwa ndi amayi awo ku Kasenengwa. Linali litayamba kuikira.

Madzulo nkhuku zikulowa m'khola, amake Tisa aima pakhomo pake, manja m'chiuno.

"Atate ake Tisa, thadzi langa lalowa chipani chiti?"

Ndiwo za madzulo: ndapatsidwa khosi ndi mapazi a tambala. Mawu: palibe.

Lachinayi

Tsiku lija.

Tapita kusukulu kukaponya voti. Amake Tisa patsogolo, ine pambuyo, pakati pathu mpata woti ngolo n'kudutsa.

Kunja kwa mpanda wa sukulu, amalume ndi anthu awo pansi pa mtengo wa kumanja, alamu ndi awo pansi pa wa kumanzere. Njira ili pakati. Ndiyambe kupereka moni kwa yani? Ndakweza manja onse awiri nthawi imodzi n'kudutsa choncho, ngati munthu amene apolisi amuloza mfuti. 

Pamzere maola atatu. Zimene ndamva:

"Uyo akapambana, ine ndisamukira ku Malawi." Wonenayo sanafikeko ngakhale pa Mwami.

"Onse ndi akuba, koma wathu amaba mwaulemu."

"Amayi, musandipondere nsapato, sindife chipani chimodzi."

Mapepala a mipando ikuluikulu sanandivute. Anthu ake sindinadye nawo. Lavuta ndi la khansala.

Choyamba, pali nkhope zitatu. Yachitatu ndi ya Mayi Sakala, anamwino amene anapuma pa kiliniki yathu. Ndinaiwaliratu kuti nawonso aima. Alibe chokuzira mawu, alibe chitenje. Akhala akungoyenda khomo ndi khomo ndi ambulera yawo.

Ndaika bolopeni pa amalume: ndaona nkhope ya amake Tisa. Ndaika pa alamu: ndaona malemu amayi anga, mlongo wawo wa amalume, akupukusa mutu. Ndaima. Ndaimabe. Woyang'anira watsokomola kawiri. Kunja wina wakuwa kuti, "Kodi m'menemo mwalowa wolemba mayeso?"

Ndachonga onse awiri. Mtanda pa amalume, mtanda pa alamu, yofanana kukula, mizere yowongoka. Ndikudziwa kuti pepala lotere siliwerengedwa. Ndinafika Fomu faivi. Koma ndatuluka mtima uli m'malo, koyamba sabata ino.

Kunyumba, amake Tisa atsegula pakamwa: "Mwavotera yani?"

Ndati voti ndi chinsinsi.

"Chinsinsi? Ine amene ndinakuchapirani buluku tsiku lija munadya nyama ya nkhumba ya pa msewu wa ku Chiparamba? Lero muli ndi chinsinsi?"

Inki ya pachala sikuchoka. Ndayesa sopo, ndayesa mchenga.

Lachisanu

Apambana Mayi Sakala.

Zokuzira mawu zonse zii. Mbalame zayambanso kumveka. Ndikanasangalala, koma.

Powerenga mavoti, pepala lililonse amalikweza m'mwamba kuti oimira zipani alione. Izi ndinazidziwa, sindinaziganize. Akuti mapepala owonongeka analipo angapo: wina anasaina dzina, wina anajambula nsomba. Koma limodzi litakwezedwa, mitanda iwiri yofanana ngati yoyeza ndi rula, woimira amalume ndi woimira alamu anayang'anana n'kutchula dzina langa pamodzi. Akuti kuyambira pamene kampeni inayamba, n'koyamba anthu a mbali ziwirizi kuseka chinthu chimodzi.

Voti ya dziko lonse ndi yachinsinsi, kupatula yanga.

Popita kuntchito, wa njinga yamoto wandipingasira zala ziwiri. Kusitolo, mlimi wogula mbewu ya chimanga akuti, "Ndipatseni mitundu yonse iwiri, bwana, ina ingakhumudwe." Tisa watumiza uthenga kuchokera ku koleji: "Adadi, ndi zoona?" Nkhani yafika ku Lusaka!

Ndabwerera madzulo, ndapeza chikwama chili pakhonde. Amake Tisa avala nsapato za ulendo.

"Thadzi mwapereka kwa amalume anu a tiyi wakuda aja. Mlongo wanga mwamuchititsa manyazi pa mbale yanga. Voti mwataya. Ndikapume kwa amayi. Mukapeza ankhoswe, mubwere."

Akudziwa bwino kuti ankhoswe kulibe. Anena dala.

Ndawanyamulira chikwama mpaka pa siteji. Sindikudziwa ngati munthu amayenera kutero mkazi akamamuthawa, koma chinali cholemera.

Loweruka

M'nyumba muli zii. Mchere sindikuupeza. Nkhuku zikundiyang'ana ngati zikudziwa.

Kwa apongozi sungapite wekha kukatenga mkazi amene wachoka atakwiya. Pamafunika nkhoswe ya uku ndi ya uko, akhale pansi, amve, agamule. Mwambo umenewu unapangidwa ndi anthu amene sankadziwa za masankho.

M'mawa, njinga, kwa amalume. Ndawapeza pakhonde atavala jekete, opanda kopita. Kuseri kwa khitchini nthenga zamawanga zili mbwee.

"Ine kukhala benchi imodzi ndi wamalonda uja? Anauza anthu pa msonkhano kuti ndinagulitsa mabelu a sukulu."

Ndati ukwati wanga ukutha. Akuti maukwati amatha.

Masana, kwa alamu. Akuchotsa zitenje pagalimoto, okha. Anthu onse amene ankadya kwawo mwezi wathunthu sakuoneka.

"Ahedi anauza anthu kuti sindidziwa kulemba dzina langa. Akakhale ndi mbuzi."

Ndakhala pa thumba la simenti. Lamulo lachitatu linafuna kutuluka, ndalimeza. Ndatopa. Ndangoti, alamu, sindikukupemphani kuti mukakhululukirane. Mlandu ndi wanga. Wolakwa ndine. Pakufunika anthu oti akandiuze zimenezo pamaso pa apongozi.

Asiya chitenje. "Pamaso pa anthu?"

Ndati pamaso pa anthu.

"Nthawi yanji?"

Ndabwerera kwa amalume ndi mawu omwewo. Sanandilole kumaliza. Aitana azakhali kuti awasitire shati yoyera.

Makilomita a lero sindikuwadziwa. Matako akudziwa.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi, ku Kasenengwa.

Pakhomo pa apongozi benchi ndi imodzi. Amalume kunsonga iyi, alamu kunsonga iyo. Ine pa kampando ka ana, mawondo kufika m'makutu. Amake Tisa pamphasa ndi amayi awo, akusenda nshawa, osandiyang'ana.

Poyamba zinali zouma. "Ahedi." "A Mbewe." Basi.

Kenaka alamu anena za thadzi. Amalume avomera kuti mwamuna wotenga nkhuku ya mkazi osapempha ndi wakuba. Iwo amene anaidya! Amalume anena za lezala. Alamu agwira pakamwa: "Taye ya munthu wamkulu?" Asendera pang'ono. Afika pa mitanda iwiri, akulandizana mawu ngati a kwaya.

"Munthu azikhala ndi mbali."

"Ngakhale akanavotera inu, ahedi, ndikanamulemekeza."

"Inenso chimodzimodzi, a Mbewe."

Bodza, onse awiri. Koma pofika apa anali atakhala pakati pa benchi, mapewa akugundana.

Chigamulo:

Mathadzi awiri kwa amake Tisa, oikira.
Kupepesa kwa apongozi, chogwada.
Rula izikhala kuntchito.

Ndagwada. Ndapepesa. Apongozi akuti, "Dzukani, atate, ife tinaseka kale Lachisanu."

Ankhoswe achoka limodzi pa galimoto ya alamu, amalume kutsogolo, njinga yawo kumbuyo. Ndinawamva akugwirizana kuti anamwino aja sadzatha chaka. Ife sanatifunse ngati tikufuna kukwera.

Tayenda wapansi mpaka kumsewu, ine ndi chikwama. Chalemera kuposa Lachisanu, apongozi aikamo nshawa ndi maungu. Tikudikira minibasi, ndalimba mtima. Ndati, pepani kuti voti ya mlongo wanu inachepa ndi imodzi.

Amake Tisa akonza duku. "Inachepa ndi ziwiri. Munthu uja ndinakula naye nyumba imodzi. Mukuganiza ndingamupatse wadi?"

Ndafunsa kuti nanga tambala uja, mpunga uja, ulendo uno?

"Ameneyo ndi mlongo wanga. Tambala ndi wake. Voti ndi yanga."

Minibasi yabwera yodzaza. Iwo apeza mpando. Ine ndakhala pa thumba la makala mpaka m'tauni.

Mawa ntchito. Ndikaweruka, kukafuna mathadzi.