Kolala ya abusa yomwe ndinadzisokera

Mpaka lero ndikamva anthu akuseka pamsika wa Warwick ndimayamba ndacheuka, kuopa kuti mwina akukumbutsana za ine. Zonsezi zinabwera ndi nsanje, ndipo sindikana.

Ife Amalawi a ku Sydenham, kuno kudziko la eni, timakumana Loweruka lomaliza la mwezi pabwalo la Mai Nachisale, kuotcha nyama ndi kuyankhula Chichewa mokweza popanda kuyang'ana uku ndi uku. Tsiku lina Fyson, mlonda wa ku Glenwood, anaimirira n'kuyamba kutsanzira aneneri a pa TV aja. Anatsinzina, n'kuloza gulu lonse: "Ndikuona munthu pano ali ndi vuto la mapepala." Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, poti vuto la mapepala okhalira m'dziko muno ndi la tonse. Ngakhale aChe Saidi, omwe saseka wamba, anavula kofia n'kupukuta misozi.

Chomwe chinandiwawa ndi Tamala. Tamala amagulitsa zovala pa Warwick, ndipo ine ndinali nditatha chaka ndikumupindira masiketi ulere (ndine telala, mawu ndilibe, ndimafunsira ndi makina). Ndinamuona akuseka atagwira mkono wa Fyson.

Ndiye ndinati, Fyson akutsanzira aneneri akutali, ine nditsanzira munthu yemwe tonse timamudziwa: abusa athu, Abusa Phiri, omwe amanena kuti "pomaliza" kasanu ulaliki usanathe. Ndinayeserera milungu itatu pagalasi la makasitomala. Ndinasoka ndi kolala yomwe, yoyera mbee, yokhala bwino kuposa yawo.

Tsiku litafika ndinavala kolala ija, ndinakwera pa kreti, ndinakhosomola ngati iwo. "Pomaliza, abale..." Zii. Ndinati mwina sanamve. "Pomaliza penipeni..." Kunangomveka mafuta akuthetheka pamoto. Munthu wanzeru akanatsika pamenepo, koma ine ndinaonjeza ndi kayendedwe kawo kotsimphina kaja.

"Achimwene, vulani chimenecho," anatero Mai Nachisale motsitsa mawu. "Kolala si choseweretsa."

Ndinayang'ana Tamala, ndikuyembekeza kuti iye yekha andimvetsa.

"Mwendo umene mukuusekawo anavulala akutitsegulira geti la tchalitchi nthawi ija ya chipwirikiti chothamangitsa ife obwera," anatero. "Ine ndinagona mmenemo milungu iwiri."

Eish. Ine nkhani imeneyo sindinkaidziwa, ndinabwera kuno zitatha. Ndinkangoti ndi nyamakazi. Ngakhale aChe Saidi, Msilamu, anapukusa mutu, poti nawonso anabisala m'tchalitchi momwemo.

Ndipo wondipulumutsa anakhala ndani? Fyson yemweyo. Anadzuka, anandigwira pamutu, n'kukuwa ndi mawu a mneneri wake uja: "Chiwanda cha utelala, tuluka!" Kenako anandinong'oneza: "Igwa, aise, apo ayi sudzabweranso kuno."

Ndinagwa. Ndinagubuduzika m'fumbi ndi kolala yanga, n'kuphiriphitha ngati nkhuku yodulidwa khosi. Bwalo lonse linaseka, Tamala kuposa onse. Kuseka komwe ndinakuvutikira milungu itatu ndinakupeza ndithu, koma m'manja anaombera Fyson.

Lamlungu ndinapita kukapepesa. Abusa anali atamva kale zonse (kuno nkhani imathamanga kuposa matakisi). Anaitembenuza kolala ija, kuyang'ana msoko, n'kunena kuti: "Mwana wanga, nthabwala zisiyire eni ake. Koma undisokereko ziwiri zoterezi."

Ndiye ndaphunzira kuti anthu amaseka mneneri wa eni, osati yemwe anawatsegulira geti. Zimenezo ndamva. Koma za nsanje musandifunse. Fyson ndi Tamala akukwatirana mwezi wamawa, odalitsa ukwati ndi Abusa Phiri atavala kolala yanga, ndipo suti ya mkwati andipatsa ine kuti ndisoke. Ndaisoka bwino kwambiri. Kungoti mwendo wakumanzere wa buluku ndaufupikitsa pang'ono, ndipo Mulungu andikhululukire, sindikonza.