Chipewa cha Wakuba

Lolemba
Aphunzitsi akuti pulojekiti yanga idutsa pokhapokha anthu khumi ataona chojambula changa n'kuchimvetsa okha. Apo ayi, digiri chaka chamawa. Chojambulacho chikusonyeza mmene apu ya pa foni ya gulu la ogulitsa nsomba ku nyanja ya Chiuta idzatetezedwere. Zizindikiro zanga:
loko, pofunika pasiwedi;
chishango, potetezedwa;
mzere wofiira, njira yoopsa; wobiriwira, yabwino;
kamunthu ka chipewa chakuda, wakuba wa pa intaneti.
Ngakhale mwana wa sitandade 2 angamve.

Lachiwiri
Fotokope ku Balaka. Inki yamitundu kulibe. Chofiira ndi chobiriwira zonse zatuluka zotuwa. Ndikubwereza mizere ndi bolopeni mu minibasi, mabampu akundithandiza.

Lachitatu
Ku Chiuta. Mayi Asiyatu, mlembi wa gulu, akuloza chishango: "Khasu lopanda mpinili likutani m'foni?" Loko akuti ndi kachikwama ka m'manja. Miyezi inayi ndikuwerenga mabuku, kachikwama!

Lachinayi
Kamunthu kokha ndi komwe onse akukazindikira msanga. "Awa ndi Che Amidu!" Che Amidu ndi tcheyamani wa gulu, chipewa chakuda savula ngakhale kutenthe bwanji. Ine ndi pakamwa pangapa: "Iyayi, ameneyu ndi wakuba." Anthu akuseka mpaka misozi. Eni chipewa aima kumbuyo kwanga.

Lachisanu
Onse ali kumzikiti. Potuluka, palibe wondipatsa moni. Mafomu oti adzaze osonyeza kuti achimvetsa, odzazidwa: ziro. Ndikufufuta chipewa pa mapepala onse khumi, kamunthu kakutsala mutu mbee. Madzulo ndikumva kuti Che Amidu chipewacho amabisira dazi.

Loweruka
Kukapepesa, Mayi Asiyatu ali patsogolo. Che Amidu akusisita chojambula ndi chala: "Mwana wanga, mapepala akowa ndi olimba bwino. Tisiyire." Ndikuwapatsa onse, mtima uli m'malo. Foni kwa aphunzitsi. Iwo akuti: "Kukonda pepala si kumvetsa chojambula. Tionana chaka chamawa." Zikundiwawa kwambiri.

Lamulungu
Ndikudzera pa shedi ya gulu kukatsanzika. Chojambula changa chakhomedwa pakhoma, koma chotembenuza. Kumbuyo kwake alembako pasiwedi ya foni ya gulu ndi zilembo zikuluzikulu, kuti anthu asamavutike kufunsa. Mapepala enawo akulungira matemba okazinga. Phukusi limodzi akundipatsa, akuti la panjira. Pamwamba pake pali kaloko kanga, konona mafuta. Ndikulandira ndi manja awiri.